Kodi ndilipiretu ulendo wa ana wokaphunzira ski pa Khirisimasi?

Funso: Ndine mayi wa ana awiri, mnyamata wa zaka 13 ndi mtsikana wa zaka 9. Tinachoka ku Zomba chaka chatha ndipo tikukhala ku Glasgow, ku Scotland, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Anawa sakundipatsa mpata, akufuna kukaphunzira ski, masewera otsetsereka pa chipale chofewa, kumapiri ngati anzawo akusukulu. Pa Facebook ndikuona nkhani zoti chaka chino kugwa chipale chofewa choopsa kuyambira mu Novembala. Mnzanga wina kuntchito akutinso mitengo yabereka tizipatso tofiira tambirimbiri, ati chimenecho n'chizindikiro cha chisanu chachikulu. Ndapeza nyumba ya masiku anayi pa Khirisimasi ku Aviemore, tauni yoyandikana ndi malo a ski, koma eni ake akufuna ndalama zonse panopa ndipo sabweza ukalephera. Kuntchito nakonso akufuna ndinene msanga masiku anga atchuthi. Ndalamazi ndasunga movutikira. Kodi ndilipire? Nanga maulosi amenewa ngodalirika? (Mayi wa ku Glasgow)

Yankho: Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mtima ukhale m'malo. Chipale ana anu achiona, ndipo mwayi woti aponde ski nyengo yomwe ikubwerayi ulipo ndithu. Koma nyumba ya pa Khirisimasi ija, yomwe sabweza ndalamayo, ine ndikuti musalipire. Sikuti ndikudziwa kuti pa Khirisimasi sikudzagwa chipale ayi. Nkhani ndi yakuti palibe munthu aliyense padziko pano, ngakhale katswiri wa zanyengo wophunzira chotani, amene angakutsimikizireni mu Okutobala mmene phiri la Cairn Gorm, lomwe lili pafupi ndi Aviemore, lidzakhalire pa 25 Disembala. Wina akakutsimikizirani, dziwani kuti ali ndi chimene akugulitsa.

Tiyambe ndi nkhani za pa Facebook zija. Pa zaka zonse zomwe ndakhala ndikugwira ntchito ya zanyengo kuno, mitu yankhani imeneyi ndimaiona ikubwera nthawi yofanana, masamba akangoyamba kuyoyoka. Gwero lake nthawi zambiri ndi limodzi. Makompyuta akuluakulu olosera zanyengo amatulutsa mapu kangapo patsiku, ofika mpaka masabata awiri kutsogolo, ndipo mapu amenewa aliyense atha kuwaona pa intaneti. Mtolankhani wofuna anthu adine nkhani yake amasankhapo mapu amodzi oopsa kwambiri, a tsiku lakutali kwambiri, n'kulemba kuti dziko lonse likwiririka. Pakangotha maola 6 kompyuta yomweyo imatulutsa mapu ena osonyeza mvula wamba, koma amenewo palibe amawalemba.

Vuto lake lili mu mpweya weniweniwo. Katswiri wa ku America, Edward Lorenz, anasonyeza mu 1963 kuti kulakwitsa pang'ono chabe poyeza mmene mpweya ulili lero kumanka kukulirakulira tsiku ndi tsiku, mpaka pakatha pafupifupi masabata awiri ulosi wa tsiku lenileni umakhala utatha ntchito. N'chifukwa chake malo ngati ECMWF, likulu la maiko a ku Ulaya lolosera zanyengo lomwe lili ku Reading, sayendetsa kompyuta kamodzi. Amaiyendetsa maulendo pafupifupi 50, ulendo uliwonse atasintha pang'ono poyambira, kenako n'kuona kuti mayankho ambiri aloza kuti. Pa masiku atatu oyamba mayankhowo amayendera limodzi. Pofika tsiku la 10 amakhala atabalalika, ena akuti chisanu, ena akuti mvula yofunda.

Ndiye ulosi wa nyengo yonse ya chisanu ndi chiyani, ngati masabata awiri okha akutivuta chonchi? Apa inu muli kale ndi poyambira. Mukukumbukira kwathu, cha mu Sepitembala, a nthambi ya zanyengo amalengeza mmene dzinja likuonekera: mvula yapakatikati mpaka yochuluka kumpoto, yapakatikati mpaka yochepa kumwera, mwakutimwakuti. Mlimi wanzeru amamva zimenezo n'kusankha mbewu yocha msanga kapena yochedwa. Koma sadzala chimanga pa tsiku loti analiwerenga mu ulosiwo. Amadikira mvula yeniyeni igwe, nthaka inyowe. Ulosi wa chisanu wa kuno ndi wamtundu womwewo. Umakuuzani mbali imene zinthu zapendekera pa miyezi itatu, osati tsiku loti munyamuke.

A Met Office, omwe ndi nthambi ya boma la Britain yoona zanyengo, amatulutsa ulosi wa miyezi itatu mwezi uliwonse, ndipo aliyense atha kuuwerenga kwaulere. Anaukonzera makamaka anthu okonzekera zangozi, monga makhonsolo ofuna kudziwa kuti agule mchere wochuluka bwanji wothira m'misewu. Umagawa nyengo patatu: yozizira, yapakatikati, yofunda. M'chaka wamba mwayi umakhala 20 pa 100 kumbali yozizira, 60 pakati, ndi 20 kumbali yofunda. Tiyerekeze kuti alengeza kuti mwayi wa nyengo yozizira wafika pa 30. Wa nyuzipepala alemba kuti chisanu choopsa chikubwera. Chonsecho manambalawo akunena kuti pa maulendo 10, maulendo 7 sizidzatero. Onaninso kuti nambala imeneyo ndi ya Britain yense, kuyambira ku Cornwall mpaka ku Shetland, atasakaniza masiku onse a miyezi itatu. Sabata imodzi ya chipale chochuluka itha kubisala m'kati mwa nyengo yofunda, ndiponso sabata ya mvula itha kubisala m'kati mwa nyengo yozizira. Masiku anu anayi aja sangaonekemo.

Sindikunyoza maulosiwa. Pa zaka zaposachedwapa apita patsogolo, makamaka pa chinthu chimodzi chimene chimalamulira kwambiri chisanu cha kuno, chotchedwa North Atlantic Oscillation, mwachidule NAO. Pa nyanja ya Atlantic pali madera awiri okokanakokana: cha ku Iceland kumakhala mpweya wopepuka, cha ku zilumba za Azores kumakhala mpweya wolemera. Kusiyana kwa awiriwa kukakula, mphepo ya kumadzulo imalimba n'kumakankhira ku Scotland namondwe pambuyo pa namondwe, wodzaza chinyezi komanso wofundirako chifukwa wadutsa pamwamba pa nyanja. Kusiyanako kukachepa, mphepo ya kumadzulo imafooka, khomo n'kutseguka kuti mpweya wozizira wa ku Arctic kapena ku Scandinavia ulowe. Nyengo ya 2009 mpaka 2010 inali yotero. Chisanu chinakhazikika kwa masabata ambiri, ndipo malo a ski a ku Scotland anachita malonda omwe mpaka lero amawakumbukira. Disembala wa 2010 naye anazizira kuposa Disembala aliyense pa zaka 100 za kaundula wa zanyengo wa Britain.

Koma apa pali chinthu chimene anthu ambiri, ngakhale obadwira konkuno, amasokonezeka nacho, ndipo ndikufuna muchigwire bwino. Nyengo yozizira m'tauni ndi nyengo ya chipale chambiri paphiri si chinthu chimodzi. Nyengo ya 2013 mpaka 2014 inali yofunda ndi yamvula yosalekeza. Kumwera kwa England madzi anasefukira m'midzi, ndipo ku Glasgow anthu ankangoyenda ndi maambulera. Koma mvula yomweyo pamwamba pa mapiri inkagwa ngati chipale, tsiku ndi tsiku, mpaka ku malo a ski a ku Glencoe malifiti ena okweza anthu paphiri anakwiririka, ogwira ntchito n'kumachita kuwafukula. Kumbali ina, mpweya wozizira kwambiri nthawi zina umabwera wouma. Kumwamba kumayera, nthaka imauma gwa, madzi amaundana m'mapaipi, koma paphiri pamangokhala kachipale kopyapyala kosakwirira n'komwe miyala. Choncho ngakhale ulosi utalondola kuti nyengo idzakhala yofunda kapena yozizira, funso lanu la ski limakhala lisanayankhidwe.

Mudzamvanso anthu akutchula El Niño ndi La Niña. Kwathu mayina amenewa ndi olemera, chifukwa madzi a nyanja ya Pacific akatentha, mvula ya kumwera kwa Africa imavutadi. Tonse tikukumbukira chilala cha 2015 mpaka 2016 komanso cha 2023 mpaka 2024. Kuno mphamvu yake imafika itazilala. Akatswiri amaona kuti El Niño amakonda kupendeketsa zinthu kuti chiyambi cha chisanu chikhale chofunda ndi chamvula, kumapeto kwake n'kuzizirako, pomwe La Niña amakonda kuchita mosemphanitsa. Koma n'kupendeketsa chabe. Nyengo yozizira ija ya 2009 mpaka 2010 kunali El Niño. Mu Disembala 2015 kunalinso El Niño, wamphamvu zedi, yemwe uja anaumitsa chimanga kwathu, ndipo mwezi umenewo unali Disembala wofunda kuposa onse mu kaundula wa Britain. Dzina limodzi, zotsatira ziwiri zosiyana kutalitali.

Chimene chimabweretsadi chisanu choopsa nthawi zina chimachitikira m'mwamba kwambiri, makilomita 10 mpaka 50 pamwamba pa North Pole, pomwe mphepo yamphamvu imazungulira nyengo yonse yachisanu ngati yatsekera mpweya wozizira m'khola. Nthawi zina mpweya wa kumeneko umatentha mwadzidzidzi, ndi madigiri ofika 50 m'masiku ochepa, ndipo kuzungulira kuja kumasokonekera. Pakatha masabata awiri kapena atatu, zotsatira zake zitha kutsikira pansi pano. N'zimene zinachitika mu Febuluwale 2018, ndipo kumapeto kwa mweziwo kunabwera mphepo ya kummawa imene anthu anaitcha Beast from the East. Anzanu a ku Glasgow akakuuzani mmene magalimoto anagonera pamsewu wa M80 usiku wonse. Koma mu Januwale 2019 kutentha kwa m'mwamba kofananako kunachitikanso, ndipo kuno sikunabwere chisanu cha mtundu umenewo. Chachikulu n'chakuti zimenezi zimaoneka kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri kuti zichitike. Mu Okutobala sizioneka.

Za tizipatso tofiira tija, mnzanuyo musakangane naye, ndi chikhulupiriro chakale cha kuno. Koma mtengo ukabereka kwambiri umakhala ukufotokoza za nyengo imene yapita, kuti maluwa ake sanapserere ndi chisanu ndiponso kuti unalandira mvula ndi dzuwa mokwanira. Za mu Januwale sudziwa kanthu.

Tsopano tikwere phiri lenilenilo, poti n'kumene kuli yankho lanu. Ku Scotland kuli malo asanu a ski: Cairngorm pafupi ndi Aviemore, Glenshee pamsewu wa A93 kumwera kwa Braemar, The Lecht pamsewu wa A939, Glencoe pamsewu wa A82, ndi Nevis Range pafupi ndi Fort William. Onsewa ndi mapiri aafupi. Nsonga ya Cairn Gorm ndi mamita 1,245, ndipo Ben Nevis, lalitali kuposa onse mu Britain, ndi mamita 1,345 okha. Malo ambiri otsetserekapo ali pakati pa mamita 600 ndi 1,200. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 0.65 pa mamita 100 aliwonse amene mwakwera, choncho pali mzere wosaoneka paphiri umene pamwamba pake madzi amaundana, pansi pake amasungunuka. Maulosi a kumapiri amautchula kuti freezing level. Nkhani yonse ya ski ya ku Scotland yagona pa mzere umenewu. Lolemba utha kukhala pa mamita 400, phiri lonse loyera mbee. Lachitatu mphepo ya kumwera chakumadzulo ikafika, mzerewo umakwera kupitirira nsonga zonse, n'kugwa mvula pamwamba pa chipale.

Ndaonapo kambirimbiri mmene zimachitikira, ndipo zimamvetsa chisoni. Madzulo malo oimika magalimoto ali odzaza, ana akugubuduzika m'chipale chofika m'mawondo. Usiku mphepo yofunda imayamba kulira m'mawaya a malifiti. Kukamacha mumamva madzi akuyenda pansi pa chipale, timitsinje tatseguka pakati pa njira, tchire lofiirira la heather latulukira paliponse, ndipo chotsala ndi timizere toyera totsatira mipanda. Mvula yofunda yobwera ndi mphepo imadya chipale msanga kuposa dzuwa. Ntchito ya masabata awiri itha kutha usiku umodzi.

Mipanda imeneyo ndi yofunika muidziwe. Mukafika mudzaona mipanda yamatabwa yotsetsereka ndi phiri m'mbali mwa njira iliyonse. Si ya ziweto. Kuno chipale sichikonda kugwa mwakachetechete kuchokera kumwamba. Chimabwera chopingasa, chouluzidwa ndi mphepo, ndipo mipandayo imachigwira kuti chiunjikane pomwe anthu adutse. Choncho mbali imene mphepo ikuchokera ndi yofunika mofanana ndi kuchuluka kwa chipale. Mphepo ya kumadzulo imadzaza Glencoe ndi Nevis Range. Ya kumpoto imakomera Cairngorm ndi The Lecht. Ya kummawa kapena kumwera chakummawa imakonda kudalitsa Glenshee. N'zotheka ndithu sabata imodzi malo ena kukhala otseguka onse pomwe ena, mtunda wa maola awiri okha pagalimoto, ali otseka. Mukalipiratu nyumba pamalo amodzi, mwadzimangirira ku mphepo ya mbali imodzi.

Mphepo yomweyo ndi imene imatseketsa malowa masiku ambiri ngakhale chipale chilipo chokwanira. Pa nsonga ya Cairn Gorm m'pamene anayeza mphepo yamphamvu kuposa ina iliyonse mu kaundula wa Britain, mamailosi 173 pa ola, pa 20 Malichi 1986. Safunika kufika pamenepo kuti atseke. Mphepo ikangolimba moti mipando yolendewera pa chingwe iyambe kugwedezeka, amaimitsa. Mmawa wina mudzapeza ogwira ntchito atakwera pa mizati ya lifiti ndi nyundo, akuswa madzi oundana amene nkhungu yausiku yamata pazitsulo, okhuthala ngati mkono wa munthu. Disembala ndi Januwale ndi miyezi imene anamondwe a pa Atlantic amakhala pachimake.

Tinenenso zoona pa za kusintha kwa nyengo, chifukwa kukukhudza mwachindunji ndalama zanuzo. Nyengo zachisanu za kuno zikunka zifunda, ndipo mapiri aafupi ngati awa ndi amene amayamba kumva. Pa phiri la Braeriach, ku Cairngorms komweko, pali kachigawo ka chipale kotchedwa Sphinx komwe kankadziwika kuti sikasungunuka chaka chonse. M'zaka zonse za m'ma 1900 kanasungunuka katatu kokha: 1933, 1959 ndi 1996. Koma taonani zaposachedwa: 2003, 2006, 2017, 2018, 2021, 2022, 2023. Zimenezi sizikutanthauza kuti ski yatha ku Scotland. Nyengo zabwino zikubwerabe. Zikutanthauza kuti kumayambiriro kwa nyengo, m'munsi mwa mapiri, n'kumene kwakhala kosadalirika kwambiri. Malo angapo anagula makina opanga chipale. Ena amafuna kuti kunja kuzizire kufika cha pa madigiri 2 kunsi kwa ziro, ena amapanga timadzi toundana m'kati mwa chikontena ngakhale kunja kukufunda. Amathandiza, makamaka kwa ongoyamba kumene ngati ana anu, chifukwa amakonza kabwalo kophunzirira. Koma kabwalo kameneko kamakhala kakang'ono, pa tchuthi pamadzaza, ndipo matikiti ake amatha msanga.

Mukaphatikiza zonsezi muona chifukwa chimene ndikukanizira Khirisimasi. Nthawi imeneyo nyanja yozungulira dziko lino imakhala isanazizire kwenikweni, ndipo chipale paphiri chimakhala chisanapange maziko. Maziko amapangika pang'onopang'ono: chagwa, chasungunuka pang'ono, chaundananso, china chagwa pamwamba, mpaka m'makwawa mwadzaza chipale cholimba chosachoka ndi mvula ya tsiku limodzi. Zimenezi nthawi zambiri zimakwanira mu Febuluwale ndi Malichi, ndipo zaka zina anthu amatsetserekabe mpaka mu Epulo. Onjezanipo nkhani ya dzuwa. Kumapeto kwa Disembala ku Aviemore kumawala maola osakwana 7. Dzuwa limatuluka itatsala pang'ono 9 koloko, n'kulowa cha m'ma hafu pasiti 3. Chakumapeto kwa Malichi kumawala maola oposa 12. Ndiponso pa Khirisimasi m'pamene nyumba zimakwera mtengo kwambiri. Mungalipire ndalama zambiri pogula sabata imene mwayi wake ndi wochepa.

Ndikanakhala inu, ndikanachita chonchi. Mwayi wanu waukulu ndi woti mukukhala ku Glasgow, ndipo simukufunika kugona kuphiri kuti ana aponde ski. Ku Glencoe ndi ulendo wa maola pafupifupi awiri pagalimoto, ku Glenshee chimodzimodzi kapena kupitirirako pang'ono. Anthu a kuno amene amaidziwa bwino ski ya kwawo salipiratu miyezi iwiri isanakwane. Amadikira, amayang'ana, tsiku labwino likaoneka n'kunyamuka mbandakucha. Kwa ongoyamba kumene, The Lecht ndi malo ofatsa chifukwa zitunda zake si zotsetsereka kwambiri ndipo zili pafupi ndi pomwe mwaimika galimoto, kungoti kuchokera ku Glasgow n'kutali. Glenshee ndiye malo aakulu kuposa onse, ndipo ali ndi pophunzirira pafupi ndi msewu. Ngati mulibe galimoto, Aviemore ndi yabwino poti sitima yochokera ku Glasgow imaima pomwepo. Ngati mtima uli pa kukagona kumeneko, funani malo olola kusintha tsiku kapena kubweza ndalama kutatsala masiku ochepa, ngakhale atakwererako mtengo pang'ono. Ndalama yoonjezerayo ndiye chitetezo chanu.

Kawerengedwe ka maulosi kakhale kotsata mtunda wa masiku. Kutatsala mwezi kapena kuposerapo, musavutike nawo n'komwe. Kutatsala masiku 10, yang'anani chinthu chimodzi chokha: kodi akunena za mphepo ya kumpoto kapena kummawa, kapena ya kumwera chakumadzulo? Kutatsala masiku 5, tsegulani ulosi wa kumapiri wa Met Office kapena wa Mountain Weather Information Service, womwe anthu amangouti MWIS. Musadalire ulosi wa pafoni wa tauni ya Aviemore, chifukwa tauniyo ili m'chigwa ndipo nyengo yake ndi ina. Pa ulosi wa kumapiri onani zinthu zitatu: mzere woundana uja uli pa mamita angati, mphepo ikuthamanga bwanji pa mamita 900, ndiponso mitambo yatsika kufika pati. Mzere ukakhala pansi pa mamita 600 kwa masiku angapo otsatizana, mphepo ili yosapitirira mamailosi 25 kapena 30 pa ola, limenelo ndi tsiku lanu. Madzulo ake ndi mmawa wa tsikulo onani tsamba la malowo. Amalemba malifiti amene atsegulidwe ndipo ali ndi makamera oonetsa phiri nthawi yomweyo. Maso anu pa kamera aposa ulosi uliwonse.

Pakadali pano ana asangokhala. Ku Bellahouston Park, mu Glasgow momwemo, kuli malo ophunzitsira ski pa chitunda choyalidwa mkeka wapulasitiki, ndipo ku Hillend pafupi ndi Edinburgh kuli ena aakulu. Amatsegula kaya kuli chipale kaya kulibe. Mwana amene waphunzira kale kuima, kukhota ndi kukwera lifiti amakasangalala tsiku loyamba kuphiri, pomwe wongoyamba amathera theka la tsiku akulimbana ndi nsapato. Funsaninso kusukulu kwawo, poti masukulu ena amakonza maphunziro otere pamtengo wotsika. Ski, nsapato zake ndi chipewa choteteza mutu musagule, amabwereketsa pamalo pomwepo. Ndalama ikani pa zovala: jekete ndi buluku zosalowa madzi, magolovesi osalowa madzi awiriawiri chifukwa oyamba amanyowa usanafike masana, masokosi aubweya, ndi zovala zam'kati zosakhala za thonje. Jinzi ayi, ikanyowa imazizira ngati chitsulo. Magalasi a maso ndi ofunika kwa tonse. Kunyezimira kwa dzuwa pa chipale kumapweteka maso mosayang'ana khungu la munthu.

Msewu nawo muusamale, makamaka ngati simunayendetsepo pa madzi oundana. Msewu wa ku Glenshee umakwera mpaka mamita 670 pa Cairnwell, ndipo palibe msewu waukulu wina mu Britain wokwera kuposa pamenepo. Pali zipata zimene apolisi amatseka chipale chikachuluka, chimodzimodzinso pamsewu wa ku The Lecht. Onani tsamba la Traffic Scotland, lonena mmene misewu ilili, musananyamuke, thanki ikhale yodzaza, m'galimoto mukhale bulangeti, chakudya ndi tiyi wa mu fulasiki. Braemar, mudzi wapafupi ndi Glenshee, unafikapo pa madigiri 27.2 kunsi kwa ziro mu Januwale 1982. Si malo oti galimoto ikuferenipo muli ndi ana opanda zofunda.

Paphiri khalani m'kati mwa njira zoikidwa zizindikiro, ndipo mnyamata wa zaka 13 uja mumuuze mobwereza, poti msinkhu umenewo umakonda kuyesa. Kunja kwa mipanda kuli zigwembe, ndipo chipale chounjikana chimagumuka n'kukwirira anthu. Bungwe la Scottish Avalanche Information Service limalengeza za ngozi imeneyi tsiku ndi tsiku kuyambira pakati pa Disembala mpaka mu Epulo. Nkhungu ikatsika, kumwamba ndi pansi zimangofanana, munthu osadziwa kotsika ndi kokwera. Zikatero lowani m'nyumba yodyeramo mudikire. Mwana akamanjenjemera kosalekeza, akayamba kulankhula mokoka lilime, kuphunthwaphunthwa kapena kuodzera, thupi lake lazizira mopitirira muyezo: mulowetseni pofunda, mumuvule zonyowa, ndipo itanani ogwira ntchito yachitetezo paphiripo nthawi yomweyo. Munthu akasowa kapena akavulala kunja kwa malowo, imbani 999, pemphani apolisi, kenako munene kuti mukufuna Mountain Rescue, gulu lopulumutsa anthu kumapiri. Ngati mwa ana anu muli wodwala mphumu kapena sickle cell, kaonaneni ndi dokotala wanu musanakonze ulendowu, chifukwa kuzizira ndi kutopa kumadzutsa matenda onse awiri, ndipo adzakuuzani mankhwala oti munyamule ndi malire oti musapyole.

Ena adzakuuzani kuti mungopita ku mapiri a Alps, ku France kapena ku Austria. N'zoona kuti kumeneko chipale n'chodalirikako chifukwa mapiri ndi aatali; mudzi wa Val Thorens uli pa mamita 2,300. Koma nakonso malo a m'munsi anali obiriwira pa Chaka Chatsopano cha 2023, mtengo wake ndi wina, ndipo pa pasipoti ya Malawi mufunika viza ya Schengen. Zimenezo zidikire ana atayamba aikonda ski.

Za tchuthi kuntchito, masiku anayi aja musawaike pamodzi. Pemphani awiri pa tchuthi chachifupi cha sukulu cha pakati pa Febuluwale, ena awiri muwaike Loweruka ndi Lamlungu lina chakumayambiriro kapena pakati pa Malichi. Ngati pali mnzanu amene mumasinthana naye mashifiti, mugwirizane panopa kuti tsiku labwino likadzaoneka kutatsala masiku atatu kapena anayi, adzakugwirireni. Ulosi wa Met Office wotuluka kumapeto kwa Januwale udzakhala ukukamba za Febuluwale mpaka Epulo, ndipo pofika nthawi imeneyo makamera a ku Glencoe ndi ku Glenshee adzakhala akukuonetsani ngati maziko a chipale apangika kapena ayi.